Chifukwa chake lole ya ufa siyenda pambuyo pa lole ya asilikali

Kuno ku Mzimba msilikali ndi mwana wa pakhomo. Kuyambira ku Jenda, Embangweni, Edingeni mpaka pa boma, midzi yambiri ili ndi mnyamata kapena mtsikana ku Moyale Barracks ku Mzuzu, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe kapena ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndipo ambiri mwa iwo anapitako ku Congo. Choncho anthu akamva kuti inenso ndinagwira ntchito kum'mawa kwa dziko limenelo, m'mabungwe ogawa chakudya ndi mankhwala, amangoti tinkayendera limodzi ndi ana awo. Ndikawauza kuti ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti ife ndi asilikali tikudziwana bwino koma galimoto zathu zisamatsogozane pamsewu, nkhope zimagwa. Gogo wina wa kwa Inkosi Mabulabo anandifunsa mosapsatira mawu: "Mwana wanga, kodi asilikali athu anakulakwirani chiyani?"

Sanatilakwire kanthu. Nkhani yagona pa msewu.

Kumalo a nkhondo msewu umodzi umadutsa m'manja mwa eni angapo. Lole imanyamuka m'tauni imene ili m'manja mwa boma, kutsogoloko ikumana ndi chipata cha zigawenga, kenako chingwe chimene amanga anyamata a m'mudzi amene atola mfuti kuti adziteteze. Mwana wotupa miyendo amene akudikira chiponde ali kuseri kwa zipata zonsezo. Ife tilibe mfuti yotsegulira chipata. Chimene chimatitsegulira ndi chikhulupiriro cha aliyense wa eni msewuwo chakuti anthu awa sali mbali ya mdani wanga. Chikhulupiriro chimenechi chimatenga miyezi kuti chikhazikike, koma chimatha m'mawa umodzi wokha, munthu wobisala m'tchire akangoona lole yathu ikutsatira galimoto yokhala ndi mzinga padenga. Tsiku limenelo tidutsa bwinobwino chifukwa asilikali alipo. Koma asilikali amasamutsidwa, ndipo dalaivala wathu adzadutsanso pomwepo yekha. Walira mvula walira matope: ukapempha kuperekezedwa kamodzi, udzafunika kuperekezedwa masiku onse, ndipo bungwe linalo limene silinapemphe nawo lidzayamba kuomberedwa chifukwa cha iwe.

Ku Congo nkhaniyi ndi yolemera kwambiri chifukwa cha mtundu wa ntchito imene ana athu anapatsidwa. M'chaka cha 2013 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu lapadera la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, ndipo linawalamula kuti azikasaka ndi kumenya zigawenga, osati kungoima pakati monga amachitira asilikali ena osungitsa mtendere. Chaka chomwecho anathandiza kugonjetsa gulu la M23. Inali ntchito ya ngwazi, koma inatanthauza kuti m'maso mwa zigawenga msilikali wa Malawi ndi mdani wolimbana naye. Galimoto za asilikaliwo ndi zoyera, zathunso ndi zoyera. Zawo zimalembedwa UN ndi utoto wakuda, za nthambi zopereka chithandizo ndi utoto wobiriwira ngati thambo. Mnyamata wa zaka 16 wokhala ndi mfuti m'munda wa nthochi sakhala ndi nthawi yosiyanitsa utoto.

Ndikufuna mumve bwino za ku Beni, chifukwa kumeneko ndi kumene ntchito ya asilikali ndi ya opereka chithandizo zinakumana. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi ndi mmodzi wa Tanzania anaphedwa pomenyana ndi gulu la zigawenga la ADF pafupi ndi tauniyo. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala, ndipo chaka chotsatira United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yoperekedwa kwa olimba mtima mopambana. Nthawi yomweyo dera lomwelo linali pa mliri wa Ebola, umene unayamba mu Ogasiti 2018 n'kutha mu Juni 2020 utapha anthu oposa 2,200. Anamwino sakanagwira ntchito tauni ikanagwa m'manja mwa ADF, choncho magazi a ana athu anateteza odwala. Koma magulu ena a zaumoyo atayamba kulowa m'midzi ndi apolisi ndi asilikali a boma la Congo, kutenga odwala ndi mitembo mfuti zili pambali, anthu anayamba kubisa odwala awo. Ndale nazo zinaloweramo, pakuti anthu a ku Beni ndi Butembo analetsedwa kuponya nawo voti mu Disembala 2018 ponamizira mliriwo. Mu Febuluwale 2019 zipatala za Ebola za ku Katwa ndi Butembo zinatenthedwa, bungwe la MSF n'kuchotsako anthu ake, ndipo mu Epulo dokotala wa WHO wochokera ku Cameroon, Richard Mouzoko, anaomberedwa ku Butembo. Msilikali wolondera kunja kwa tauni anapulumutsa miyoyo. Mfuti yoima pakhomo la wodwala inathamangitsa odwala ena khumi.

Nanga munthu ngati ine amachita chiyani tsiku lonse? Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinkalemba pepala: malole angati, manambala ake, anyamula chiyani, anyamuka nthawi yanji, adzera msewu uti, akagona kuti. Pepalalo linkapita ku ofesi ya OCHA, nthambi ya United Nations yolumikizanitsa mabungwe othandiza, ndipo iwo ankalipereka kwa ofesala amene asilikali anamusankha kuti azilankhula ndi anthu wamba. Sikunali kupempha chilolezo ayi. Kunali kudziwitsa, kuti woyendetsa helikopita akaona fumbi la malole asaganize kuti ndi adani. Uthenga womwewo unkapitanso kwa a kutchire, kudzera mwa wansembe, mfumu kapena mphunzitsi wamkulu amene mbali zonse zinkamulemekeza. Aliyense ankadziwa kuti timalankhula ndi mnzake. Tikanabisa zimenezo tikanatchedwa akazitape.

Pa chitseko cha galimoto iliyonse timamata chithunzi cha mfuti yodulidwa ndi mzere wofiira. Mayeso enieni a chithunzicho amagwera dalaivala. Afika pa chipata mvula ikugwa, msilikali wanyowa, wayenda mtunda wautali, akupempha kuti amutengeko mpaka pa mlatho. Kwa munthu woleredwa bwino, kumana mnzako malo galimoto ili ndi mipando yopanda anthu n'kowawa kwambiri. Timaphunzitsa madalaivala kuti azitsika m'galimoto, apereke moni, anene kuti, "Bwana, pepani, lamulo la kuntchito silindilola. Madzi akumwa ndi awa, koma kukwera ayi." Ofesala wa asilikaliwo akakhala kuti anamva kale za lamuloli pamsonkhano, nkhani imathera pomwepo. Akakhala kuti sanamve, dalaivala amalandira khofi, ndipo wolephera ntchito ndi ine.

Misonkhanoyo timakonda kuchitira pamalo amene si a asilikali, mfuti zitatsala panja. Iwo amatiuza msewu umene uli ndi mabomba okwirira, ife timawauza mlatho umene wathyoka ndi mudzi umene kwabuka kolera. Koma tsiku lina ofesala amafunsa kuti, "Ku chipatala chanu chija mwalandira angati ovulala ndi zipolopolo sabata ino? Achokera midzi iti?" Yankho ndi limodzi: zimenezo ndi za dokotala ndi wodwala wake. Tikangoulula kamodzi, wovulala aliyense wa m'deralo, ngakhale mayi wogwidwa ndi chipolopolo ali kumunda, adzafera kunyumba poopa kulembedwa dzina. Maofesala abwino amamvetsa msanga, chifukwa amadziwa kuti msilikali wawo akagwera m'manja mwa adani, ndi a Red Cross okhaokhawo amene angaloledwe kukamuona.

Nafenso a mabungwe tili ndi zathu. Msilikali anazolowera mtsogoleri mmodzi ndi lamulo limodzi. Akafunsa kuti wamkulu wanu ndani, amapeza mabungwe makumi angapo, lililonse ndi bwana wake, mbendera yake ndi malamulo ake. Ena amanyoza asilikali masana, usiku mfuti zikalira n'kuthamangira ku msasa wawo womwewo. Asilikali akadandaula za zimenezi amakhala akunena zoona. Ndiponso kudziwitsa si chishango: mu Okutobala 2015 ndege ya America inaphulitsa chipatala cha MSF ku Kunduz ku Afghanistan, anthu 42 n'kufa, chonsecho asilikaliwo anali atauzidwa kale pamene chipatalacho chili.

Malamulo a ntchitoyi analembedwa. Oyamba anagwirizana ku Oslo mu 1994 ndipo amakhudza ngozi zachilengedwe, ena anatuluka mu 2003 okhudza malo a nkhondo. Mutu wake ndi wakuti zida ndi galimoto za asilikali zigwiritsidwe ntchito pokhapokha njira ina iliyonse itakanika, ndipo chiwongolero chikhalebe m'manja mwa anthu wamba. Msilikali akonze msewu ndi mlatho, zikavuta anyamule katundu, koma wopereka thumba m'manja mwa mayi akhale munthu wamba. Kukakhala mtendere mpatawo umachepa. Tinaona pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023: asilikali athu, amene amatsogolera ntchito yofufuza ndi kupulumutsa anthu pansi pa dongosolo la nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, anakumba matope ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, anapalasa mabwato ku Nsanje, ndipo Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zothandiza kufikira madera amene misewu inaduka. Panalibe bungwe limene likanachita zimenezo. Mu Juni 2024, ndege yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8 itasowa, asilikali, apolisi, a zankhalango ndi a Red Cross analowa limodzi m'nkhalango ya Chikangawa. Pamenepo kuyendera limodzi kunali koyenera.

Komabe tisaganize kuti poti kwathu kulibe nkhondo ndiye kuti aliyense amaona yunifolomu mofanana. Amene anayenda m'misewu pa zionetsero za 2019 amakumbukira asilikali ngati owateteza. Koma bambo wa m'mphepete mwa nkhalango ya Perekezi amene amadyetsa ana ndi makala, kapena wocheka matabwa amene anathamangitsidwapo ku Chikangawa asilikali atatumizidwa kukalondera mitengo, akamva kulira kwa lole ya asilikali amalowa m'tchire. Wothawa kwawo amene anakwezedwa lole ku Lilongwe mu Meyi 2023, apolisi ndi asilikali akubweza anthu ku Dzaleka, sangaime pamzere umene pali mfuti. Chimanga cha njala chikabwera m'mudzi wotere asilikali ataimirira pa mulu wa matumba, osowa pamzere adzakhala osaukitsitsa aja, ndipo kaundula adzaonetsa kuti aliyense walandira.

Pempho langa likupita ku khonsolo ya M'mbelwa ndi makomiti ake oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Dongosolo lokonzekera nyengo ya mvula likamalembedwa, woimira asilikali akhalepo, ndipo zinthu zilembedwe poyera: mlatho ukakokoloka panjira ya ku Khosolo kapena ku Luwerezi, woitana asilikali ndani, lole yawo ikatsitsira kuti, ndipo adzachoka liti. Maganizo anga ndi akuti itsitsire pasukulu kapena patchalitchi, kaundula akhale m'manja mwa komiti ya m'mudzi ndi mafumu, ndipo pa tsiku logawa asilikali akhale atabwerera kapena ataima patali. Odziwa zimenezi sitikusowa. Asilikali athu amene anali m'gulu la SADC anabwerako ku Congo mu 2025, tauni ya Goma itagwa m'manja mwa M23 ndipo anzawo ena atatsikira kuli chete, ndipo pakati pawo pali maofesala amene anakhalapo pa misonkhano ngati imene ndafotokozayi. Bwanamkubwa akhoza kulembera kalata ku Moyale mvula isanagwe, kupempha kuti mmodzi wa iwo adzakhale nawo pa msonkhano wotsatira wa komiti ya boma.