Mwaye wa Nyenyezi

Usiku wina wa mwezi wa Julaye, tikuotha moto pabwalo kwathu ku Mua, mlongo wanga wamng'ono analoza Mlalang'amba nandifunsa kuti, "Achimwene, nanga mabanga akuda aja ndi chiyani?" Ine, posafuna kuoneka mbuli, ndinayankha kuti ndi maenje m'mene mulibe nyenyezi. Ndinamunamiza mwanayo. Tsono popeza ndadziwa zoona zake, ndati ndilembe pano, anzanga angasokeretsenso abale awo monga ndinachitira ine.

Mabanga aja ndi fumbi. Nyenyezi zilipo ndithu kuseri kwake, koma fumbilo limazitchinga, monga momwe utsi wa lupsa umaphimbira dzuwa likamalowa kumapiri a Dedza. Mu 1930 Robert Trumpler anatsimikiza kuti fumbi lotere limachepetsa kuwala kwa nyenyezi zakutali. Timibulu take ndi tating'ono ngati ta utsi. Tina ndi ta kaboni monga mwaye, tina ndi ta silikoni ndi okosijeni monga mchenga wa kunyanja.

Nanga lidachokera kuti? Pachiyambi kunalibe fumbi, pakuti pafupifupi zonse zinali mipweya iwiri yopepuka, hydrogen ndi helium. Zinthu zolemera, monga kaboni, okosijeni, silikoni ndi chitsulo, zimapangidwa m'kati mwa nyenyezi, m'mene mumatentha koposa ng'anjo iliyonse. Izi anazilongosola bwino Margaret ndi Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle mu 1957. Nyenyezi ikakalamba imataya zinthuzi pang'onopang'ono, kapena imaphulika nkuzimwaza. Zina zimakhalabe mpweya, zina zimaundana nkusanduka fumbi. Nyenyezi zatsopano zimabadwa m'mitambo yomweyo, ndipo nazonso zikafa zimawonjezerapo zawo.

Mlalang'amba wathu suli wokha ayi. Ilipo ina yoyandikana nafe, yopota ngati nkhata. Umodzi ndi Andromeda, umene umaoneka ngati kamtambo chakumpoto usiku wopanda mwezi mu Novembala, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka 2,500,000 kuti kutipeze. Popeza milalang'amba imeneyi timaiona tili kunja kwake, akatswiri amatha kuiyesa kuyambira pakati mpaka m'mphepete. Zinthu zolemera amazidziwa pogawa kuwala kwa mpweya wonyezimira m'mitundu yake. Fumbi amalidziwa ndi kufunda kwake, kumene maso athu saona; makina oonera kutali otchedwa Herschel anagwira ntchito imeneyi m'mlengalenga kuyambira 2009 mpaka 2013.

Chimene anapeza ndi ichi. Pakati pa mlalang'amba pali zinthu zolemera zambiri, ndipo zimanka zichepa polowera m'mphepete, monga anasonyezera Leonard Searle mu 1971. Fumbi nalo limatsata njira yomweyo. Kumene mpweya uli ndi zolemera zambiri, fumbi limachuluka. Kumene zili zochepa, fumbi limachepanso. Kwathu kuno, kumene kuli dzuwa, fumbi limalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya, ndipo chitsulo chochuluka cha m'mitambo imeneyi chili m'fumbimo.

Kuti ndimvetse bwino ndinaganiza za khitchini ya agogo anga. Denga lake ndi lakuda bii, pamene khitchini imene tinamanga chaka chatha udzu wake ukali woyera. Mlendo safunikira kuuzidwa kuti ndi iti mwayaka moto wambiri; mwaye umamuuza. Chimodzimodzi pakati pa mlalang'amba padabadwa ndi kufa mibadwo yambiri ya nyenyezi, pamene m'mphepete mibadwo yake ndi yochepa.

Koma pali chinanso chimene ndinadabwa nacho. Kumene zolemera zili zochepa kwambiri, fumbi limachepa kuposa momwe munthu angayembekezere powerengera zolemerazo. Akatswiri ambiri akuti chifukwa chake ndi chakuti fumbi silichokera ku nyenyezi zakufa zokha, koma limakulanso m'mitambo yozizira, pamene zinthu zolemera zimamatirira pa timibulu timene tilipo kale. Kumene zolemerazo zili patalipatali, kukulaku kumachedwa. Nawonso mwaye umagwira msanga pamene pali mwaye unzake.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji?" Fumbili limathandiza mitambo kuzizira kufikira nyenyezi zatsopano zitabadwa, ndipo dziko lathu lino lidaumbika kuchokera ku fumbi lotere. Chitsulo cha khasu la amayi ndi chitsulo cha m'magazi athu zidapsa m'nyenyezi zimene zidafa dzuwa lisanabadwe.

Inu anzanga, usiku wopanda mitambo tulukani muyang'ane pafupi ndi nyenyezi za Mtanda wa Kummwera, mudzaona banga lakuda lotchedwa Coalsack. Ine tchuthi chikafika ndikamuonetsa mlongo wanga banga lomwelo, ndipo ndikavomera kuti ndinalakwa.

Wophunzira wa Fomu 4