Madzi a mu mgodi wa malasha amapita kuti?

Kuno ku Kawaza kulibe mgodi wa malasha lero. Koma miyala ya pansi pa chigwa cha Luangwa ndi ya mtundu umene akatswiri amautcha Karoo, womwenso uli ku Maamba m'boma la Sinazongwe ndi ku Moatize, kwa anansi athu a ku Tete. Konse kuwiriko amakumba malasha m'maenje aakulu otseguka. Choncho taona kuti ndi bwino tifotokozerane zimene mgodi wotere umachita ndi madzi, tisanaitanidwe tsiku lina ku msonkhano kukavomereza zinthu zimene sitikuzimvetsa.

Dzenje la mgodi limazama kuposa chitsime chilichonse cha m'mudzi. Madzi a pansi amatsikira m'dzenjemo, ndipo kampani imawapopa usana ndi usiku kuti makina agwire ntchito pouma. Madziwo sachokera kwina ayi. Ndi omwe aja amadzaza zitsime, mijigo, ngakhale timaenje timene amayi amafukula mumchenga wa mtsinje m'mwezi wa Okutobala. Kupopa kukapitirira, zitsime za pafupi zimayamba kuphwa msanga.

Vuto lalikulu lili m'miyala. Pamodzi ndi malasha pamakhala mwala wonyezimira ngati golide wotchedwa pyrite. Ukakhala wokwiririka suvuta. Akaufukula n'kuuunjika panja, umakumana ndi mpweya ndi mvula n'kutulutsa asidi. Asidiyo amasungunula chitsulo ndi zina za m'miyala, kamtsinje kamasanduka kofiira ngati dzimbiri, nsomba n'kutha. Chowawitsa mtima n'chakuti izi sizileka mgodi ukatsekedwa. Milu ija imakhabe asidi kwa zaka makumi eni ake atapita. Ku Maamba, kumene mwalawu ndi wambiri, vutoli analidziwa kalekale. Si malasha onse amene amatulutsa asidi wochuluka, n'chifukwa chake miyala iyenera kupimidwa ntchito isanayambe.

Mgodi wosunga malamulo umalekanitsa madzi abwino ndi oipa. Umakumba ngalande zoti madzi a mvula azilambalala dzenje ndi milu ija. Madzi amene akhudza malasha amawasonkhanitsa m'madamu kuti matope adikhe, amathiramo laimu kuti asidi athe mphamvu, kenako amawagwiritsanso ntchito potsuka malasha ndi kuthira m'misewu kuti fumbi lisabuke. Otsala ndiwo amatulutsidwa, atapimidwa. Damu lotere liyenera kumangidwa poganizira mvula ya mu Febuluwale, osati ya chaka cha chilala. Tonse tikukumbukira 18 Febuluwale 2025, pamene damu la zotsalira za mgodi wa mkuwa wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mu Kafue, mpaka mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa.

Malamulo alipo, ndipo si ofooka. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 likuti mgodi usayambe bungwe la ZEMA lisanavomereze lipoti lofotokoza m'mene ntchitoyo idzakhudzire malo ndi anthu, ndipo anthu okhudzidwa ayenera kufunsidwa maganizo awo. Kutulutsa madzi oipa kumafuna laisensi ya ZEMA. Kutunga kapena kupatutsa madzi kumafuna chilolezo cha WARMA. Kampani iyeneranso kusungitsa ndalama ku thumba la boma la Environmental Protection Fund zodzakonzera malo ikamachoka. Chovuta n'chakuti ofesi ili kutali, chitsime chili pafupi. Woyamba kuona kuti madzi asintha mtundu ndi mayi wotunga m'mamawa, osati insipekitala.

Za ku Moatize zikutiphunzitsa mbali ina. Kampani ya Vale isanayambe kutulutsa malasha mu 2011, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri a iwo n'kupita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Anawamangira nyumba za malata. Koma bungwe la Human Rights Watch, mu lipoti lake la 2013, linapeza kuti anthu osamutsidwa ndi migodi ya kumeneko, ena amene kale ankatunga ndi kulima madimba m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, anafikira pamalo ouma, podalira mapampu amene ankawonongeka. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yonyamula malasha. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan, koma anthu aja akadali komweko.

Ndiye ofufuza miyala akadzafika kwa a Mfumu ndi mapepala awo, tisadzathere pa kufunsa za ntchito ndi chipukutamisozi. Tidzafunse kuti madzi opopedwa adzathiridwa mu mtsinje uti, ndani adzawapima, ndipo zotsatira zake zidzapachikidwa pati kuti ife tiziwerenga. Tidzafunsenso amene adzasamalira madamu kampani ikadzagulitsidwa.

Chimene tingayambe chaka chino sichifuna ndalama. Komiti iliyonse ya chitsime itenge chingwe ndi kope, ipime kuzama kwa madzi mu Epulo ndi mu Okutobala, ilembe tsiku, mtundu wa madzi ndi kakomedwe kake. Pa milandu ya zitsime zophwa, kampani kawirikawiri imayankha kuti chitsimecho chinali chophwa kale, ndipo kope lija ndilo lidzatiyankhira.