Melissa ndi Ana a kwa Kasakula

M'chaka cha 2015 kudatuluka buku la ana la Alex Gino wa ku America, lomwe pano limatchedwa Melissa. Limakamba za mwana wa sukulu amene anthu amamuona ngati mnyamata, pomwe iye mumtima akudziwa kuti ndi mtsikana. Mabuku otere akufunika m'Chichewa, ngakhale kumapiri kwa Kasakula ku Ntchisi. Ena anena kuti izi n'zachizungu, koma Tiwonge Chimbalanga, yemwe ali ngati mwana wa m'bukuli ndipo khoti la ku Blantyre lidamugamula zaka 14 mu 2010 Bingu wa Mutharika asanamukhululukire, kwawo ndi ku Thyolo. Makolo ena amaopa kuti nthano ingasinthe mwana. Siimusintha ayi, imangofewetsa mitima ya ana amene amakuwiza mnzawo wotere pamjigo atasenza ndowa, mpaka sukulu kuisiya.