Bwalo la Ndege la Heathrow ndi Miseu Yace Iwiri

Anthu a pa migodi adziwa bwino kuti ngakhale mgodi ukule cotani pansi pa nthaka, anchito onse ndi miyala yonse zituruka pa khomo limodzi lopapatiza, ndilo dzenje la cikepe. Cikepe cikaima, mgodi wonse waima. Bwalo la ndege liri cimodzimodzi. Khomo lace lopapatiza ndiwo mseu umene ndege ithamangapo ponyamuka ndi potera. Nkhani ya lero iri ya bwalo la Heathrow, limene liri mailosi ngati 15 kumadzulo kwa pakati pa mzinda wa London, ku Mangalande. M'caka ca 2024 panapita apaulendo oposa 83 miliyoni, ndiko kunena kuti pafupifupi kanai ciwerengero ca anthu onse a m'Zambia. Koma khamu lonselo linapita pa miseu iwiri yokha, ndipo mbiri ya bwalolo ndi kayendetsedwe kace zonse zicokera pa kucepa kwa malo kumeneku.

MUDZI UMENE UNAPASULIDWA

Dzina lakuti Heathrow ndi dzina la mudzi. Kale pa malopo panali kamudzi kochedwa Heath Row, ka alimi a ndiwo zamasamba ndi zipatso amene anali kugulitsa zokolola zao ku misika ya London. M'caka ca 1929 mkuru wina wopanga ndege, dzina lace Richard Fairey, anayamba kugula minda pafupi ndi mudziwo, nakonzapo kabwalo ka udzu koyeserapo ndege zace.

Masiku amenewo bwalo lalikuru la London linali ku Croydon, koma linazingidwa ndi nyumba za anthu kotero kuti silinathe kukula. Tsono m'caka ca 1944, nkhondo yaciwiri iri mkati, Boma linalanda bwalo la Fairey pamodzi ndi minda yozungulira, ponena kuti lifuna malo a ndege zazikuru za asilikali. Lamulo la nthawi ya nkhondo linalola Boma kutenga dziko popanda kuitana eni ace ku bwalo kuti anene maganizo ao. Anthu a ku Heath Row anasamutsidwa, ndipo nyumba zao zinagwetsedwa. Patapita zaka zambiri Harold Balfour, amene anali nduna yaing'ono yoona za ndege za nkhondo, anabvomera yekha kuti za asilikali zija zinali cabe njira yopezera malowo msanga. Colinga ceniceni cinali kumanga bwalo la ndege za apaulendo. Ndipo zinaterodi, pakuti nkhondo inatha bwalo lisanathe kumangidwa.

Pa 1 Januwale, 1946, ndege yoyamba ya apaulendo inanyamuka pa bwalo latsopanolo kunka ku Buenos Aires, ku South America, ndipo pa 31 Meyi caka comweco bwalolo linatsegulidwa ndi dzina lakuti London Airport. Dzina la mudzi wopasulidwa uja linabwezedwa m'caka ca 1966. Poyamba panalibe nyumba zolandiriramo alendo. Apaulendo anali kudikira m'mahema otsala ku nkhondo, ndipo popita ku ndege anali kuyenda pa matabwa oyalidwa pansi kuti nsapato zao zisalowe m'matope. Caka coyambaco panapita anthu ngati 63,000. Masiku ano ciwerengero cotere cipitapo m'mawa umodzi dzuwa lisanafike pamutu.

NDEGE IMENE INATERA PA LIVINGSTONE

Bwalo limeneli liri ndi mbali m'mbiri ya dziko lino. Pa 2 Meyi, 1952, ndege yochedwa Comet, ya kampani ya B.O.A.C., inanyamuka pa London ndi apaulendo 36 kunka ku Johannesburg. Uwu unali ulendo woyamba pa dziko lonse lapansi wakuti anthu olipira ndalama akwere ndege ya jeti, imene iyenda ndi mphamvu ya mpweya wotentha woturuka kumbuyo, yopanda zopalasira mphepo. Inaima pa Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe, ndipo potsiriza pa Livingstone, nifika ku Johannesburg patapita maora 23 ndi mphindi 40. Zaka ziwiri zokha m'mbuyo mwace ulendo womwewo unali kutenga masiku oposa anai pa ndege zotera pa madzi, zimene zinali kugona usiku pa Zambezi kumtunda kwa mathithi.

Pamene maulendo anafupika cotere, anthu ofuna kuyenda anacuruka, ndipo mahema analowedwa m'malo ndi nyumba. Yoyamba yaikuru inatsegulidwa mu 1955, ina mu 1961, ina mu 1969, yacinai mu 1986, ndi yacisanu mu 2008. Sitima ya pansi pa nthaka inafika pa bwalolo mu 1977. Koma pamene nyumba zinali kucuruka, miseu ya ndege inali kucepa. Kale inali isanu ndi umodzi, yopingasana ngati nyenyezi, cifukwa ndege zakale zinali kuopa mphepo ya m'mbali ndipo zinafuna mseu woloza kuli konse kumene mphepo icokera. Ndege zamakono ziri zolemera, ndipo zifuna mseu wautali koposa. Cotero miseu inai inatsekedwa umodzi umodzi, malo ace napatsidwa kwa nyumba ndi poimika ndege. Iwiri yotsalayo iri yopenyana, yonse yocokera kum'mawa kunka kumadzulo. Wina utalika pafupi mailosi awiri ndi theka, unzace ucepako pang'ono.

NCHITO YA ANTHU A PA NSANJA

Tsiku liri lonse ndege ngati 1,300 zitera kapena kunyamuka pa miseu iwiriyo. Nthawi ya pakati pa tsiku sipapita masekondi 45 popanda ndege yotera kapena yonyamuka. Amene asunga dongosolo limeneli ndiwo olondolera ndege. Ena a iwo akhala pamwamba pa nsanja yotalika mamita 87 iri pakati pa bwalo, kumene aona miseu yonse ndi maso. Ena akhala m'nyumba ina kutali, napenya makina ochedwa radar, amene aonetsa ndege iri yonse ngati kadontho koyenda pa galasi. Iwo alankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi m'Cingerezi, ngakhale woyendetsayo acokere ku Japan kapena ku Brazil. Monga woyendetsa cikepe sakhudza makina ace asanamve belu, woyendetsa ndege nayenso sangalowe mu mseu, kapena kutsika, kapena kukhota, asanaloledwe. Ndipo mau onse amene auzidwa ayenera kuwabwereza kuti wa pa nsanja adziwe kuti amvana.

Mseu umodzi ukhala wa zotera, unzace wa zonyamuka. Ndege itera ndi kunyamuka moyang'anana ndi mphepo, monga icita mbalame, pakuti mphepo ya kumaso ithandiza mapiko kuinyamula. Ku London mphepo icokera kumadzulo masiku ambiri, ngati asanu ndi awiri mwa khumi. Cifukwa cace ndege zotera zidzera kum'mawa, ndiko kuti pamwamba peni peni pa mzinda, pa madenga a anthu mamiliyoni. Pofuna kuti phokoso lisagwere anthu amodzimodzi tsiku lonse, masiku a mphepo ya kumadzulo miseu isinthana nchito pa 3 koloko masana: wa zotera usanduka wa zonyamuka. Usiku, kuyambira hafu pasiti 11 kufikira 6 koloko m'mawa, Boma lilola ndege zowerengeka zokha.

Ndege zikafika zambiri nthawi imodzi, ziyenera kudikira. Koma ndege singaime m'mlengalenga monga iima galimoto pa mphambano. Tsono kuli malo anai kunja kwa mzinda, ochedwa Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin, kumene ndege zizungulira ngati akabawi. Zisanjikizana, ina pamwamba pa inzace, mpata wa mafiti 1,000 pakati pao. Ya pansi ikaitanidwa kukatera, zonse za pamwamba zitsika khwerero limodzi, ndipo yofika kumene ilowa pamwamba pa zonse.

Poziika pa mzere wotera, wolondolera ayenera kudziwa kukula kwa iri yonse. Ndege yaikuru isiya kabvumvulu wosaoneka kumbuyo kwa mapiko ace, amene angagubuduze ndege yaing'ono yotsata pafupi. Cotero yaing'ono ikatsata yaikuru, mpata uyenera kukula, ndipo mpata ukakula nthawi yatayika. Wolondolera waluso ayesa kusanja zazikuru pamodzi ndi zazing'ono pamodzi. Kukagwa nkhungu, imene siisowa ku Mangalande nyengo yozizira, makina a wailesi a kumapeto kwa mseu atsogolera ndege kufikira matayala akhudza pansi, ngakhale woyendetsa asaone kanthu. Koma pamenepo mipata ikuzidwa, ndege zotera pa ora zicepa, ndipo maulendo ena angolepheretsedwa, pakuti palibe nthawi yopanda nchito imene ocedwawo angaikidwemo.

MTENGO WA MPHINDI ZOCEPA

Lamulo silola bwalo la Heathrow kupitirira maulendo 480,000 pa caka, ndipo zaka zambiri lakhala pafupi ndi malire amenewo. Cifukwa cace ciloleza cakuti ndege itere ndi kunyamuka pa nthawi yakuti yakuti casanduka cuma cimene makampani agulitsana. M'caka ca 2016 kunamveka kuti kampani ya Oman Air inalipira madola 75 miliyoni kugula mpata wotera m'mamawa tsiku liri lonse ndi unzace wonyamukira. Sinagule munda kapena nyumba. Inagula mphindi zocepa za pa mseu. Ndipo kampani imene siigwiritsa nchito mpata wace kasanu ndi katatu mwa khumi ilandidwa.

Ndege ikatera, nchito ya ena iyamba. Pa bwalolo pagwira anthu oposa 70,000. Alipo otsitsa katundu, osesa m'ndege, ophika, amakanika, othira mafuta amene afika pa mipope ya pansi pa nthaka, ozima moto, apolisi, a kasitomu ndi oona mapasipoti, ndiponso ena amene nchito yao ndiyo kuingitsa mbalame, pakuti mbalame yolowa m'injini ingaononge ndege. Onsewa athamangira cinthu cimodzi: kuti ndege icoke pa malo oimikira nthawi yace isanapite, cifukwa inzace iri kale m'njira kudzaima pomwepo.

Pa malo opanikizika cotere, colakwa cacing'ono cikula msanga. Pamene nyumba yacisanu inatsegulidwa mu Marichi 2008, makina osankha katundu anasokonezeka. Masutukesi zikwi zambiri analekana ndi eni ace, ndipo maulendo mazana analephereka. Usiku wa pa 20 Marichi, 2025, moto unabuka pa malo ogawira magetsi ku Hayes, kunja kwa mpanda wa bwalo. Pa 21 Marichi bwalo linatsekedwa pafupi tsiku lonse, maulendo oposa 1,300 anasokonezeka, ndipo ndege zimene zinali kale m'mlengalenga kucokera ku Asia ndi ku America zinabwerera kapena kukatera ku maiko ena. Tsiku limenelo cikepe cinaima.

MLANDU WA MSEU WACITATU

Mankhwala a bvuto lonseli aoneka apafupi: kumanga mseu wacitatu. Mabwalo a ku Paris ndi Frankfurt ali ndi miseu inai, la ku Amsterdam isanu ndi umodzi. Eni bwalo la Heathrow ndi amalonda ati London adzatsalira m'mbuyo, ndi kuti mseu watsopano udzabweretsa nchito zikwi zambiri. Nyumba ya Malamulo inabvomereza m'caka ca 2018. Mu Febuluwale 2020 bwalo la milandu linakaniza, ponena kuti Boma silinaganizire mapangano ace ocepetsa utsi umene utenthetsa dziko. Mu Disembala caka comweco bwalo lalikuru koposa linagwetsa cigamuloco. Mu Januwale 2025 Boma linanenanso kuti lifuna mseuwo umangidwe.

Koma pamene mseuwo uyenera kupita pali anthu. Nyumba zoposa 700 ziyenera kugwetsedwa. Mudzi wa Longford udzatha wonse, ndi mbali yaikuru ya mudzi wa Harmondsworth, umene uli ndi chalichi ca zaka mazana ambiri ndi nkhokwe yaikuru ya mitengo yomangidwa zaka za m'ma 1420. Anthu a m'midziyo akhala zaka zoposa makumi awiri osadziwa ngati akonze madenga ao kapena amange katundu. Ambiri a iwo agwira nchito pa bwalo lomwelo, kotero kuti cimene ciwadyetsa ndico cimene cifuna malo ao.

Anthu a ku Heath Row sanafunsidwe kanthu m'caka ca 1944; anangolandira kalata yowauza tsiku losamuka. A ku Harmondsworth ndi Longford ali ndi mabwalo a milandu, manyuzipepala ndi aphungu owalankhulira, ndipo ndico cifukwa cimodzi cimene mlanduwu watengera nthawi yaitali cotere. Kufikira utatha, olondolera a pa nsanja adzapitiriza kuwerenga masekondi pa miseu iwiri yomweyo.