Munthu Akadwala, Alipire Ndani?

Matenda sadikira kuti munthu ayambe wagulitsa fodya kapena walandira malipiro. N'chifukwa chake dziko lililonse liyenera kugwirizana za mmene odwala angalipirire chithandizo. M'phunziro lino tiona njira ziwiri zimene maiko ena adasankha, kenaka tidzifunse za kwathu kuno.

Njira ya msonkho

Pa 5 July 1948 boma la Britain lidakhazikitsa bungwe la zaumoyo lotchedwa NHS, motsogozedwa ndi nduna Aneurin Bevan. Ndalama zake zambiri zimachokera ku msonkho. Wolemera amapereka zambiri, wosauka zochepa, koma onse akadwala amaonana ndi dokotala kapena kugonekedwa popanda kulipira. Njirayi ili ndi vuto lake: wofuna opaleshoni yomwe si yadzidzidzi amatha kudikira miyezi ingapo.

Njira ya inshuwalansi ya malonda

Ku America anthu ambiri amadalira makampani a inshuwalansi. Munthu, kapena amene adamulemba ntchito, amapereka ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo akadwala kampani imalipira gawo la ndalama zakuchipatala. Tizindikire kuti phindu la kampani ndi zimene zatsala italipirira odwala. Choncho munthu wodwaladwala amakhala chiphinjo kwa kampaniyo.

Mpaka chaka cha 2014 makampani ankatha kukana munthu chifukwa chakuti ali kale ndi matenda a shuga kapena khansa. Lamulo lomwe lidaletsa mchitidwewu, la mu 2010, lidachitanso kuwakakamiza kuti pa madola 100 alionse amene atolera, osachepera 80 azipita ku chithandizo cha odwala. Komanso munthu akachotsedwa ntchito, nthawi zambiri inshuwalansi yake imathera pomwepo. Mu 2023 anthu pafupifupi 26 miliyoni analibe inshuwalansi ina iliyonse.

Kodi njirayi ndi yotsika mtengo? Iyayi. America imaononga pafupifupi 17 peresenti ya chuma chake pa zaumoyo, Britain pafupifupi 11 peresenti, koma anthu a ku Britain ndiwo amakhala ndi moyo wotalikirapo.

Nanga ife tili pati?

Papa Yohane XXIII, m'kalata yake ya mu 1963, adaphunzitsa kuti chithandizo cha kuchipatala ndi ufulu wa munthu aliyense. Kuno ku Malawi zipatala za boma ndi zaulere, koma mankhwala akasowa wodwala amatumizidwa kukagula. Zipatala za mipingo, zomwe zili pansi pa CHAM, n'zolipiritsa, ngakhale kuti zambiri zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera azithandizidwa mwaulere.

Chithandizo chaulere chimalipiridwa ndi msonkho wathu komanso thandizo la maiko ena. Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a mu Africa adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ndi udindo wathu kufunsa aphungu ndi makhansala za lonjezoli, ndiponso kuulula aliyense wogulitsa mankhwala a boma.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'dera lathu alipo amene adalephera kupita kuchipatala chifukwa chosowa ndalama? Tidamuthandiza bwanji?
2. Mankhwala akasowa pachipatala chathu, timakadandaula kwa yani?
3. Tingawafunse chiyani ofuna mavoti athu pa nkhani ya zaumoyo?