Chilankhulo cha Pakati pa Masewera ndi Makina

Pa masewera alionse a pa kompyuta pamalembedwa mawu ofotokoza makina amene masewerawo afuna. Anthu ambiri amawerenga mawuwo mothamanga, poganiza kuti kompyuta yamphamvu iliyonse idzakwanira. Komatu nthawi zina kompyuta imene inadya ndalama zambiri imalephera masewera atsopano, pamene ina yotsikirapo mtengo iwayendetsa bwino lomwe. Chifukwa chake chagona pa zinthu zitatu zimene zigwira ntchito pamodzi.

Choyamba ndicho injini ya masewera. Imeneyi si injini yachitsulo ayi, koma pulogalamu yaikulu imene amisiri amamangirapo masewera awo, monga Unreal Engine imene inaoneka mu 1998, kapena Unity ya mu 2005. Injini ndiyo idziwa pamene paima munthu wa m'masewerawo, kumene kuchokera kuwala, ndi mmene mwala ugwera pansi. Chachiwiri ndicho khadi ya zithunzi, chipangizo cha m'kati mwa kompyuta chimene chijambula zonsezo pa galasi, kawirikawiri zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi imodzi. Makhadi ameneŵa apangidwa ndi makampani osiyana, monga Nvidia, AMD ndi Intel, ndipo iliyonse imamva malamulo mwa njira yakeyake.

Tsono injini ingalankhule bwanji ndi makhadi onsewo? Anthu a mitundu yosiyana akakumana pa msika, amasankha chilankhulo chimodzi chochitira malonda. Momwemonso pali chinthu chachitatu chotchedwa API, ndiwo mawu ndi malamulo amene onse anapangana kugwiritsa ntchito. Injini inena zofuna zake m'chilankhulo chimenechi, ndipo pulogalamu ina yotchedwa dalaivala, yolembedwa ndi eni ake a khadi, imasulira mawuwo kuti khadiyo imve. OpenGL inatuluka mu 1992, DirectX ya Microsoft mu 1995, Metal ya Apple mu 2014, ndi Vulkan mu 2016.

Ubwino wa chilankhulo cha onse unaoneka kale. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya 3dfx inali ndi API yakeyake yotchedwa Glide, imene inamveka pa makhadi ake a Voodoo okha. Pamene Nvidia inagula katundu wa kampaniyo kumapeto kwa 2000, Glide inatsala yopanda mwini, koma OpenGL ndi DirectX zinapitirira pakuti makhadi a makampani ambiri anali kuzimva.

Koma chilankhulo chimakula, chimalandira mawu atsopano amene akale sawadziwa. Mu 2020 Microsoft inatulutsa DirectX 12 Ultimate, imene mwa zina inali ndi njira yatsopano youmbira maonekedwe a zinthu yotchedwa mesh shaders. Mu 2023 kampani ya Remedy ya ku Finland inatulutsa masewera a Alan Wake 2, omangidwa pa injini yake ya Northlight, imene inadalira njira imeneyo. Khadi ya GTX 1080 Ti ya mu 2017 inali kuposa RTX 2060 pa masewera ambiri akale, koma pa awa inavutika kwambiri, pakuti m'kati mwake munalibe chomvera mawu atsopanowo. RTX 2060 inawamva, niyendetsa masewerawo. Mu 2024 eni ake anakonza injiniyo kuti inene zomwezo m'njira imene makhadi akale atha kutsata mosavutika kwambiri, kotero kuti GTX 1070 inalembedwa pa makhadi ololedwa, ngakhale khadiyo sinasinthe konse.

Apa pakuoneka poyera kuti zofunika za makina sizichokera ku chitsulo chokha, koma ku mawu amene amisiri a injini asankha kulankhula. Chifukwa chake wogula wanzeru amafunsa mafunso awiri: kodi khadi iyi ili ndi mphamvu yotani, ndipo kodi imva chilankhulo chiti? Mphunzitsi amene makolo kapena ana a sukulu adzamfunsa nzeru pa kugula kompyuta achita bwino kuyamba ndi funso lachiwirilo, pakuti khadi yofooka ikhoza kujambula zithunzi zochepetsedwa ubwino, koma khadi yosamva mawu ilibe pothawira pokhapokha eni masewera ataikumbukira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.