Sankhani nokha oyenera kuona zomwe mwaika pa WhatsApp ndi Facebook

Unduna ukudziwitsa alimi, anthu ochita malonda ndi Amalawi onse kuti akaunti iliyonse ya pa masamba a mchezo, kaya ndi WhatsApp, Facebook kapena TikTok, ili ndi malo amene mwini wake amasankhirapo anthu oyenera kuona chithunzi chake, abwenzi ake ndi zonse zimene amalemba. Malowa amapezeka mukalowa pa mawu oti Settings, kenaka Privacy. Anthu ambiri sadafikeko n'kamodzi komwe, makamaka amene adachita kutseguliridwa akaunti ndi mwana wawo, mnzawo kapena wokonza mafoni wa pamsika. Akaunti ikangotsegulidwa, zinthu zingapo zimakhala poyera kufikira mwini wake atazitseka yekha.

Nkhaniyi ikukhudza ndalama zanu. Wakuba wa pafoni kawirikawiri sathyola kanthu. Amangotola zomwe mwini wake wasiya pabwalo. Tiyerekeze mlimi amene wagulitsa fodya ku okushoni ya ku Kanengo, ndipo chifukwa cha chimwemwe wajambula pepala la malipiro n'kuliika pa Facebook. Pa akaunti yomweyo pali nambala yake ya foni, yomwe ndiyonso ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pali dzina la mudzi wake, tsiku lake lobadwa, komanso mndandanda wa abwenzi momwe muli mchimwene wake amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Kathyali woona zimenezi wadziwa kuti ndalama zilipo ndipo wadziwa poimbira. Akaimba amatchula dzina lonse la mlimiyo ndi mudzi wake womwe, kotero kuti mlimi sakayika kuti akulankhula ndi wa kubanki kapena wa kukampani ya mafoni. Tsiku lobadwa nalonso si lachabe kwa wakuba, poti pali anthu amene chaka chawo chobadwa ndicho adasandutsa nambala yachinsinsi.

Chinyengo china ndi chotenga chithunzi ndi dzina la munthu n'kutsegulira akaunti yatsopano yofanana ndi yake. Kathyali amalembera abale amene wawapeza pamndandanda wa abwenzi uja kuti, mwachitsanzo, wagonekedwa kuchipatala ndipo foni yake yatayika, choncho ndalama atumize pa nambala ina. M'bale amene ali kutali, poona nkhope yoidziwa, amatumiza asadafunse.

Wochita malonda angafunse kuti: ndikabisa zonse, ogula andipeza bwanji? Funsoli n'lomveka, ndipo Unduna sukulangiza aliyense kuti achoke pa masamba amenewa, popeza ndi pomwe anthu ambiri akugulitsira mbewu, nkhuku, zovala ndi nsomba masiku ano. Chofunika ndi kulekanitsa za malonda ndi za pakhomo. Golosale imakhala ndi khomo loyang'ana kumsewu, koma mwini wake saonetsa ogula chipinda chimene amagona. Pa Facebook mungathe kutsegula tsamba la bizinesi, lotchedwa Page, lomwe aliyense angalione popanda kuona ana anu kapena abale anu. Pa WhatsApp pali pulogalamu yaulere ya WhatsApp Business, imene imalola kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Ngati n'kotheka, nambala yolengezera malonda ikhale yosiyana ndi imene mumasungirapo ndalama zambiri. SIM yachiwiri ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi ndalama za nyengo yonse yokolola.

Tiyambe ndi WhatsApp, popeza ndiyo ili m'mafoni a anthu ambiri. Ngati simudasinthe kanthu, munthu aliyense amene ali ndi nambala yanu angathe kuona chithunzi chanu, ndiponso angathe kukulowetsani m'gulu lililonse osakufunsani. Pa Privacy mupeza mizere yolembedwa Last seen and online, Profile photo, About, Status ndi Groups. Pa mizere imeneyi, kupatula wa Status, mumasankha: Everyone ndiye kuti aliyense, My contacts ndiye kuti okhawo amene nambala zawo mudasunga m'foni mwanu. Palinso My contacts except, kutanthauza onse amene mudawasunga kupatula amene mwawachotsa nokha. Kwa munthu wamba, My contacts ndiyo yoyenera pa chithunzi ndi pa magulu.

Za magulu zifunika kuzifotokoza bwino, chifukwa alimi ambiri ali m'magulu a makalabu, a makopaletivu, a banki m'khonde ndi a mitengo ya pamsika. M'gulu wamba la WhatsApp, membala aliyense amaona nambala za anzake onse. Gulu likakhala la anthu mazana, ndipo ulalo wolowera unamwazidwa paliponse, dziwani kuti muli anthu amene palibe akuwadziwa. Mukasankha My contacts pa Groups, mlendo sangakulowetseni yekha m'gulu. Amayenera kukutumizirani pempho, ndipo pempholo limatha mphamvu pakapita masiku 3. Oyang'anira magulu nawo ali ndi udindo: aike lamulo loti wolowa watsopano azivomerezedwa kaye, asinthe ulalo ngati wafalikira, ndipo aletse mamembala kuika m'gulu zithunzi za ziphaso za unzika. Mlembi wa kalabu akafuna nambala za ziphaso, azilandire payekha kapena pamsonkhano.

Pali nambala ziwiri za WhatsApp zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi ya manambala 6 imene imabwera pa uthenga wa SMS pamene wina akulembetsa nambala yanu ya foni pa WhatsApp. Ikabwera inu musadaipemphe, ndiye kuti wina akuyesa kulanda akaunti yanu, ndipo posakhalitsa adzakuimbirani kapena kukulemberani kuti watumiza nambalayo molakwitsa, mumubwezere. Nthawi zina uthengawo umachokera pa akaunti ya mnzanu weniweni, imene idalandidwa kale mwa njira yomweyo. Musapereke. Yachiwiri ndi nambala yachinsinsi imene mumasankha nokha mukalowa pa Settings, Account, kenaka Two-step verification. Nayonso ndi ya manambala 6. Ikakhalapo, ngakhale wakuba atapeza nambala ya pa SMS ija, amafunsidwanso iyi. Pa zonse zimene talemba pano, iyi ndiyo muyambe nayo lero. Sizitenga mphindi 5.

Chitetezo china chili pa foni yeniyeniyo. Kumadera komwe kulibe magetsi, foni imasiyidwa potchajitsa kwa maola angapo, ndipo m'mabanja ambiri foni imodzi imagwira ntchito kwa anthu angapo. WhatsApp imalola kulumikiza akaunti imodzi ku zipangizo zina mpaka 4, ndipo munthu amene wagwira foni yosakhoma angathe kuilumikiza ku kompyuta yake m'kanthawi kochepa, n'kumawerenga mauthenga anu ali kwawo. Lowani pa Linked devices; mukaona chipangizo chimene simukuchidziwa, chichotseni posankha Log out. Foni ikhale ndi nambala yokhomera, ndipo potchajitsa ndi bwino kuisiya yothimitsa. Pogulitsa foni kapena kupatsa wina, tulukani mu akaunti zonse ndi kufufuta zonse zili m'katimo. Mukasiya kugwiritsa ntchito nambala ina, samutsani WhatsApp yanu pa Change number, chifukwa nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imadzapatsidwa kwa munthu wina, ndipo mauthenga a SMS otsegulira akaunti zanu azidzafikira iyeyo.

Pa Facebook, kumbukirani kuti dzina lanu, chithunzi cha nkhope ndi chithunzi chachikulu cha pamwamba zimaoneka kwa aliyense nthawi zonse. Choncho musaikepo chithunzi choonetsa nambala ya galimoto, sukulu ya ana kapena chikwangwani cha pakhomo panu. Zina zonse mungathe kusintha. Njira yachidule ndi Privacy Checkup, imene imakuyendetsani pang'onopang'ono pa mafunso ofunika. Nambala ya foni ndi tsiku lobadwa ziikeni pa Only me, kutanthauza inu nokha. Mndandanda wa abwenzi nawo uikeni pa Only me, chifukwa ndiwo umene opanga akaunti zabodza amaufuna kwambiri. Zolemba zanu zikhale za Friends. Musadatumize kanthu, yang'anani kachizindikiro kali pafupi ndi dzina lanu: kakaoneka ngati mpira wa dziko lapansi, ndiye kuti uthengawo uonedwa ndi aliyense. Zimene mudalemba zaka zapitazo mungazitseke zonse pakamodzi pa Limit past posts. Pa Password and security pali Where you're logged in, pomwe pamaoneka mafoni ndi makompyuta onse amene akaunti yanu ili yotsegula. Amene amalowera pa foni yobwereka kapena pa malo olipira intaneti aziyang'anapo kawirikawiri.

Komabe kuika zinthu pa Friends kulibe phindu ngati mumavomera aliyense wopempha ubwenzi. Munthu wa abwenzi zikwi zitatu, amene ambiri sadawaonepo, ali poyera chimodzimodzi. Pempho lochokera kwa munthu amene ndi bwenzi lanu kale pa Facebook likhale chenjezo: muimbireni kaye mumve ngati ndi iyedi.

Pa TikTok pali Private account, imene imachititsa kuti mavidiyo anu aonedwe ndi okhawo mwawavomera. Makolo adziwe kuti Facebook ndi TikTok sizilola ana osakwana zaka 13, ndipo mwana akanamiza zaka polembetsa amataya chitetezo chimene masambawa amaika pa akaunti za ana.

Tiyenera kunena mosabisa kuti kusintha malo onsewa sikuletsa munthu amene mwamulola kuona uthenga wanu kuujambula n'kuutumiza kwina. N'zoona kuti mauthenga a WhatsApp amayenda obisika kuchoka pa foni yanu kufika pa ya mnzanu, koma akafika, ali m'manja mwa mnzanuyo. Pali zinthu zimene siziyenera kuikidwa n'komwe: chithunzi cha chiphaso cha unzika, khadi la kubanki, uthenga woonetsa ndalama zotsala mu akaunti, ndi kulengeza kuti mwanyamuka ndi ndalama kukagula mbewu kumsika wakutiwakuti. Chiphaso cha unzika n'chofunika kusamala kwambiri popeza ndicho chimagwiritsidwa ntchito polembetsa SIM, potsegula akaunti ya kubanki ndi pogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Palibe wogwira ntchito m'boma, wa kubanki kapena wa kukampani ya mafoni amene ali ndi chifukwa chokufunsani nambala yanu yachinsinsi. Wofunsa zimenezi ndi wakuba, ngakhale atalankhula mwaulemu chotani.

Malamulo a dziko lino ali kumbali yanu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zipangizo kapena m'mauthenga a munthu wina popanda chilolezo, komanso kuzunza ndi kuopseza ena pa intaneti. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limanena za mmene mabungwe ayenera kusungira ndi kugwiritsira ntchito mbiri ya anthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi. Lamulo lomweli la 2016 likukhudzanso inu: kulowa mu akaunti ya mnzanu mobisa ndi mlandu, ngakhale mutati mumangofuna kuona.

Akaunti yanu ikalandidwa, yambani ndi kudziwitsa abale, ogula anu ndi oyang'anira magulu, powaimbira kapena pa SMS, kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu. Ngati ndalama zapita kale, pitani msanga ku kampani ya foni kapena kubanki kwanu, ndipo kanenani kupolisi muli ndi nambala imene idalandira ndalamazo, tsiku ndi nthawi yake. Musafufute mauthenga, chifukwa ndiwo umboni. Pa Facebook, akaunti yonamizira dzina lanu muinene pa Report, ndipo pemphani abwenzi anu achite chimodzimodzi. Pa WhatsApp, lembetsaninso nambala yanu pa foni yanu. Mukalowetsa nambala ya pa SMS, wolanda uja amatulutsidwa nthawi yomweyo. Ngati iye adaikapo kale nambala yake yachinsinsi, mudzayenera kudikira masiku 7 kuti mulowe popanda nambalayo, koma m'masiku amenewo iyenso sangathe kugwiritsa ntchito akaunti yanu.